Kabaluni Kolowera Pamphuno Kukachiza Khutu

Ndamva kuti ku Ulaya ndi ku America madokotala akuchiza makutu otsekeka ndi kabaluni, ndipo kabaluniko sakalowetsa kukhutu ayi, amakalowetsa pamphuno. Amakapopa, kamakhala chofufuma mphindi ziwiri, kenako amakaphwetsa n'kukasolola, osasiyamo kanthu kalikonse. Wodwala amapita kwawo tsiku lomwelo. Ine si dokotala, ndine munthu wamba woti nkhani ikandigwira mtima ndimaitsata mpaka pomwe ndingathe, ndipo iyi yandisiya ndi mafunso. Ndi ophweka, koma ndikuwafunsa ndi mtima wonse, poti khutu lotsekeka limamusowetsa mtendere mwini wake usana ndi usiku.

Kodi khutu ndi mphuno zikukumana pati?

Apa yankho lilipo, lomveka bwino. Kuseri kwa nembanemba ya m'khutu, ija imanjenjemera phokoso likaigunda, kuli kachipinda kodzaza mpweya, momwe muli timafupa titatu totengera mawu mkati. Makoma a kachipindaka amamwa mpweyawo pang'onopang'ono, choncho pamafunika wina wolowa m'malo mwake. Khomo ndi limodzi basi: kanjira kotalika pafupifupi mamilimita 35 mwa munthu wamkulu, kochoka m'kachipindamo kukatulukira kumbuyo kwa mphuno, pamwamba pa mmero. Kamadziwika ndi dzina la Bartolomeo Eustachi, katswiri wa ku Italy amene anakafotokoza m'zaka za m'ma 1500. Chigawo chake cha kufupi ndi khutu chili m'fupa. Chigawo chachitali, cha kumphuno, ndi cha chicherewecherewe ndi mnofu, ndipo chimakhala chitsekere, kungotseguka kamphindi munthu akameza malovu kapena akayasamula. Aliyense amene anatsikapo pa galimoto kuchoka ku Blantyre kulowera ku Chikwawa akukadziwa kanjira kameneka ngakhale dzina lake sanalimvepo. Makutu amalemera, mawu a mnzako wokhala naye mpando umodzi amamveka patali, ndiye ukameza malovu umangomva kuti phu, zonse n'kubwerera mwakale.

Tsono pali anthu amene phu ameneyu sawafikira. Miyezi imatha khutu lili chitsekere. Mpweya ukachepa mkatimo nembanemba imakokekera mkati, madzi amayamba kudikha m'kachipinda muja, munthu amamva movutikira, ndipo zikapitirira zaka nembanembayo imaonongeka, mwinanso kubooka kumene. Kafukufuku wa ku Britain wa 1992 anapeza vutoli mwa munthu pafupifupi mmodzi pa akuluakulu 100 alionse. Wa ku America wa 2019 anapeza oposa 4 pa 100 alionse. Kusiyana kumeneku kwandidabwitsa, ndipo ndibwererako.

Nanga kabaluni kasanabwere, anthu oterewa ankathandizidwa bwanji? Zoyesa zinayamba kale. Mu 1724 bambo wina wa ku Versailles, dzina lake Guyot, yemwe sanali dokotala n'komwe koma woyang'anira positi, anauza akatswiri a ku Paris kuti wadzithandiza yekha podzilowetsa kachubu kopindika kudzera m'kamwa mpaka pakhomo pa kanjirako. Pali njira yakale ya Valsalva yotsina mphuno, kutseka pakamwa n'kuuzira. Mu 1863 Adam Politzer wa ku Vienna anayambitsa zopopera mpweya m'mphuno wodwala akumeza madzi. Mu 1954 Beverly Armstrong wa ku America anatchukitsa timachubu tapulasitiki toika pa nembanemba atayiboola, kuti mpweya uzilowera kunja. Timachubu timeneti tikugwirabe ntchito mpaka lero ndipo tathandiza ana osawerengeka, koma timagwa tokha pakapita miyezi, ena amaikidwa mobwerezabwereza, nembanemba n'kutsala ndi zipsera kapena bowo losatsekeka. Komanso kanjira kenikeni kaja kamakhalabe mmene kanalili. Mankhwala opopera m'mphuno nawo, amene madokotala amakonda kuyambira, atayesedwa ku Mayo Clinic pa anthu 91 mu kafukufuku wa 2011, sanapose mankhwala onamizira opanda mphamvu.

Ndiye ndikumvetsa chifukwa chake madokotala anasangalala atamva zochokera ku Bielefeld, m'dziko la Germany. Kumeneko Holger Sudhoff ndi anzake analemba mu 2010 za odwala 8 oyamba amene anawalowetsa kabaluni. Chaka chotsatira Dennis Poe wa ku Boston, pamodzi ndi madokotala a ku Finland, analemba za ena 11. Pofika mu 2016 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza kabaluni ka kampani ya Acclarent. Kachitidwe kake n'kotere: dokotala amalowetsa kakamera m'mphuno mpaka aone pakhomo pa kanjirako, kamene kamaoneka ngati kamng'alu pakhoma la kumbuyo. Amasendeza kachubu kopindika kumapeto kufika pakhomopo, n'kukankhiramo kabaluni kophwa, pang'onopang'ono, osakakamiza, kuti kakhale m'chigawo chofewa chokhachokha. Kabaluni ka Acclarent ndi kotalika mamilimita 16, ndipo kakafufuma kamafika mamilimita 6 m'mimba mwake. Samakapopa ndi mpweya koma ndi madzi, mwamphamvu kuposa tayala la galimoto pafupifupi kasanu. Wotchi ikakwana mphindi ziwiri, ntchito yatha.

Funso langa lalikulu likuyambira pomwepa. Gwirani khutu lanu lakunjali, mulipinde, mulifinye mphindi ziwiri, mulisiye. Labwerera, si choncho? Chicherewecherewe ndi mmene chilili. Tsono ngati kanjira kaja n'kopangidwa ndi zofewa zobwerera, ndipo mwachibadwa kamayenera kukhala kotseka, kufinya kwa mphindi ziwiri kukusintha chiyani choti n'kukhala chaka chathunthu?

Yankho limene ndalipeza ndi la Ilkka Kivekäs ndi anzake, la mu 2015. Iwo anatapa timinofu ta m'kanjiramo asanapope kabaluni ndi atapopa, n'kutiunika pa maikulosikopu. Anaona kuti kabaluni kamachita zina zimene ine sindinkaganizira. Kamatswanya khungu lamkati lotupa lija, pamodzi ndi timagulu ta maselo oyambitsa kutupa tokhala pansi pake, ndipo pochira pamamera khungu lopyapyala, lokhala ndi kachipsera kosalala. Kutupa kukachepa, minofu yotsegula kanjirako imakwanitsa ntchito yake munthu akameza. Zimveka ndithu. Koma anthu amene anawatapa timinofuto anali osafika 20, ndipo amene anawatapanso patapita milungu anali ochepa kuposa pamenepo. Komanso ngati chinatupitsa khungulo ndi fumbi, utsi wa fodya, chimfine chosatha kapena asidi wobwerera kuchokera m'mimba, ndipo munthuyo wabwerera kunyumba komwe zonsezi zikumudikira, n'chiyani chiletse khungu latsopanolo kutupanso?

Mwina wina anganene kuti kagwiridwe kake tisavutike nako, bola ngati anthu akuchira. Chabwino. Kodi akuchiradi?

Kafukufuku wamkulu kuposa onse ndi wa Poe ndi anzake, wofalitsidwa mu 2018, wochitikira m'zipatala 21 za ku America pa anthu 323. Kupatula oyamba amene madokotala ankazolowererapo dzanja, otsalawo anawagawa mwamaere: 162 analandira kabaluni ndi mankhwala opopera m'mphuno, 80 analandira mankhwala okha. Patatha milungu 6 anawayeza ndi makina a tympanometry, amene amatseka khutu ndi kampira, n'kusinthasintha mpweya kuti aone mmene nembanemba ikugwederera. Mwa olandira kabaluni, pafupifupi 52 pa 100 alionse makutu awo anayezedwa kuti ali bwino. Mwa olandira mankhwala okha anali 14 pa 100. Kusiyana kumeneku si kwamasewera, ndipo sindikufuna kukupeputsa. Atawatsatira chaka chathunthu, olandira kabaluni aja oposa theka anali akadali bwino. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho, wa Ted Meyer ndi anzake, pa anthu 60, anapezanso kuti madandaulo a olandira kabaluni anatsika kwambiri kuposa a anzawo.

Komabe nditawerenga bwino mmene anachitira, zinthu zingapo zandiimitsa mutu. Kuti munthu alowe m'kafukufuku wa Poe, ankayenera kukhala woti mankhwala anawayesa kale ndipo sanamuthandize. Ndiye gulu loyerekezera nalo lija linapatsidwa chinthu chimene chinalephera kale pa iwo omwewo, chomwenso kafukufuku wa 2011 uja anaonetsa kuti sichiposa chonamizira. Kodi munthu wouzidwa kuti maere akugwera mankhwala omwe aja, pamene mnzako walandira chithandizo chatsopano, amabwerera kunyumba ali ndi mtima wotani? Ndipo akamufunsa patapita milungu kuti khutu lili bwanji, ayankha chiyani?

Izi ndikuzifunsa chifukwa muyeso wina waukulu pa nkhaniyi ndi pepala la mafunso 7, lotchedwa ETDQ-7, limene Edward McCoul ndi anzake anakonza mu 2012. Wodwala amafunsidwa za mwezi wathawu: khutu limalemera? limapweteka? limamveka lotsekeka, ngati uli pansi pa madzi? limavuta ukakhala ndi chimfine? limathetheka? limalira? mawu amamveka ofooka? Pa funso lililonse amasankha nambala kuyambira 1 mpaka 7. Ndi mafunso abwino, okhudza zenizeni zimene munthu akumva, ndipo n'zoona kuti wodwala ndiye mwini khutu. Koma munthu amene wagonekedwa m'chipinda cha opaleshoni, wazunguliridwa ndi madokotala, wadzuka akuuzidwa kuti zonse zayenda bwino, sangachitire mwina koma kuyembekeza kuchira, ndipo chiyembekezo chimalowa m'mayankho ngakhale munthu asakunama. Makina a tympanometry alibe chiyembekezo, n'chifukwa chake manambala a 52 ndi 14 aja ndikuwalemekeza. Koma nawonso amangonena za mphindi imene munthu wayezedwayo, pamene khutu limasintha m'mawa ndi madzulo, nyengo yozizira ndi yotentha.

Chinanso ndi milungu 6 ija. Itangokwana, a gulu la mankhwala okha analoledwa kulandira kabaluni, ndipo ambiri analandiradi. Ndikumvetsa chifundo chake, poti kumuuza munthu wovutika kuti adikire chaka n'kovuta. Koma zikatero, chaka chikatha mulibenso woyerekezera naye. Tikamauzidwa kuti oposa theka anali bwino patatha chaka, tidziwa bwanji kuti pa anthu osalandira kabaluni akanakhala bwino angati? Makutu ena amatseguka okha. Anthunso amapita kuchipatala pamene vuto lafika pachimake, ndipo chimene chafika pachimake nthawi zambiri chimatsikako ngakhale osachikhudza. Vuto la zaka, tikuliweruza ndi milungu 6?

Kafukufuku wa Poe analipiridwa ndi Acclarent, wa Meyer ndi Entellus, onse makampani opanga tibaluni. Sindikunena kuti pali chinyengo. Zipangizo zatsopano zimayesedwa motero pafupifupi kulikonse, ndipo ofufuzawo sanabise. Ndikungofunsa kuti kampani imene yalandira kale chilolezo chogulitsa, n'chiyani chingaikakamize kulipiranso kafukufuku wina wovuta, amene angathe kuonetsa kuti katundu wake sathandiza monga ankayembekezera?

Pakuti njira yodziwira zoona ilipo, ndipo madokotala akuidziwa. Onse amalowa m'chipinda cha opaleshoni, onse amalowetsedwa kakamera m'mphuno, koma ena okha ndi amene amapopedwa kabaluni, ndipo wodwala ngakhale womuyeza pambuyo pake sadziwa kuti ndani ndi ndani. Onse amavomera okha atafotokozeredwa. Mu 2002 Bruce Moseley ndi anzake ku Houston anachita zotere pa anthu 180 odwala nyamakazi ya m'mabondo. Ena anawatsuka ndi kuwapala m'bondo, ena anangowacheka khungu n'kuwasoka. Patatha zaka ziwiri ongochekedwa khunguwo anali bwino mofanana ndi anzawo, chonsecho opaleshoni imeneyo inkachitidwa pa anthu masauzande ambirimbiri chaka chilichonse. Nkhani imeneyi sikutanthauza kuti kabaluni nako n'kachabe, bondo si khutu. Yangondiphunzitsa kuti dokotala woona mtima ndi wodwala woona mtima akhoza kukhulupirira onse awiri chinthu chimene sichikuchitika.

Nanga pa kabaluni zoterezi zinayesedwa? Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zachipatala, linatulutsa lipoti lake mu 2025. Linapeza malipoti 9 oyenera kuwerengedwa, okhudza anthu 684. Mwa onsewo, limodzi lokha ndi limene linayerekeza kabaluni ndi opaleshoni yonamizira, lochokera ku Finland, ndipo anthu ake anali osafika 20. Chigamulo chawo chinali chakuti kabaluni kakhoza kuchepetsa madandaulo m'miyezi itatu yoyamba poyerekeza ndi mankhwala, koma umboni wake ndi wofooka, ndipo za kupitirira pamenepo umboni sukukwanira. Apa ndiye mutu wanga waima. Kuchokera mu 2010 makutu masauzande ambiri apopedwa ku Germany, ku America ndi kwina. Zatheka bwanji kuti pa khamu lonselo, oyesedwa m'njira yosakondera akhale osadzaza ndi minibasi ziwiri zomwe?

Ku Britain, bungwe la NICE, lopereka malangizo a chithandizo cha m'zipatala, linanena mu 2011 kuti kabaluni kazigwiritsidwa ntchito pa kafukufuku pokha. Mu 2019 linasintha, n'kulola kuti kazigwiritsidwa ntchito monga chithandizo china chilichonse. Pa nkhani ya chitetezo ndikuona kuti anali ndi poimira. Kanjira kaja kamadutsa pafupi kwambiri ndi mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo, ndipo poyamba anthu ankaopa kuti kabaluni kangauphulitse. N'chifukwa chake kamapangidwa moti kasafike m'chigawo cha fupa, ndipo madokotala ambiri amayamba ajambula mutu ndi makina a CT. Zovuta zodziwika ndi kukha magazi pang'ono m'mphuno, ndi mpweya kulowa pansi pa khungu la tsaya ndi khosi ngati mkatimo mwang'ambika, moti ukakhudza pamamveka kuthetheka. Madokotala a ku Germany atawerenga mu 2018 anapeza kuti izi zinachitika ka 10 pa maulendo 3,670 amene kabaluni kanapopedwa. Ndi zochepa ndithu, ndipo n'chifukwa chake odwala amalangizidwa kuti asamine mwamphamvu masiku oyamba. Koma kunena kuti chinthu sichipweteka anthu ndi nkhani ina, kunena kuti chimachiza ndi inanso. Kodi sitikulola yankho la funso loyambalo kuyankhira lachiwiri?

Ndibwerere ku kusiyana kuja kwa mmodzi pa 100 ndi 4 pa 100. Kodi makutu a ku America ndi a ku Britain ndi osiyana chonchi, kapena owerengawo ankawerenga zinthu zosiyana? Ofufuza a ku Cambridge, Matthew Smith ndi anzake, atayerekeza njira zosiyanasiyana zoyezera kanjiraka, anapeza kuti mapepala a mafunso salozera bwino amene kanjira kake n'kotsekekadi. Khutu limalemera pa zifukwa zambiri. Nsagwada ikamavuta polumikizira pake, khutu limamveka lodzaza. Matenda a Ménière, a mkati mwenimweni mwa khutu, amateronso. Ndiye pali anthu amene vuto lawo ndi losemphana kotheratu: kanjira kawo sikatseka, kamangokhala yasa, moti amamva mpweya wawo womwe ukulowa ndi kutuluka, mawu awo akuwalira m'mutu, ndipo amapezako bwino akagona pansi. Munthu wotereyu ukamupatsa pepala la mafunso 7 lija amayankha mofanana ndi wotsekeka khutu. Ukamupopa kabaluni wamuonjezera mavuto. Akatswiri a makutu, mphuno ndi mmero a ku America anagwirizana mu 2019 kuti kabaluni kasanapopedwe, munthu ayambe waunikidwa m'mphuno ndi kakamera, wayezedwa kamvedwe, wayezedwa nembanemba, ndipo matenda enawa achotsedwepo. Ndi malangizo anzeru. Koma ngati kuzindikira wodwala weniweni kuli kovuta chonchi, kodi theka lija limene silinachire mu kafukufuku wa Poe, kabaluni kanalephera, kapena ena mwa iwo vuto lawo linali lina? Ndipo madokotala athu olemekezeka, munthu akakhala pamaso panu lero, mungamuuze ndi chizindikiro chiti kuti iye ali m'theka lochira?

Chimene chandikhudza kwambiri ndi ana. Kumapeto kwa 2023 FDA inalola kabaluni ka Acclarent kugwiritsidwa ntchito pa ana a zaka 8 mpaka 17. Mwana wodikha madzi m'makutu samva bwino aphunzitsi, amatsalira m'kalasi, amatchedwa wamwano chonsecho sanamve kuitana. Kholo lililonse lingafune chithandizo chokhalitsa m'malo moboola nembanemba kachitatu. Koma kanjira ka mwana ndi kafupi ndiponso kogona, ndipo kamatalika ndi kupendekeka mutu ukamakula, moti ana ambiri vutoli limawathera lokha. Palinso kabaluni kena kotchipa, kosafuna chipinda cha opaleshoni, kamene mwana amakafufumitsa yekha ndi mphuno imodzi atatseka inayo, katatu patsiku. Ian Williamson ndi anzake a ku Southampton anakayesa mu 2015 pa ana 320 a zaka 4 mpaka 11. Patatha miyezi itatu, pafupifupi 50 pa 100 mwa ouzira kabaluni madzi anali atauma m'makutu. Koma taonani gulu linalo: mwa ana amene sanauzire kalikonse, 38 pa 100 anauma okha.

Ana 38 pa 100 alionse, m'miyezi itatu yokha, popanda wowakhudza. Tsono mwana wa zaka 8 akagonekedwa, n'kupopedwa kabaluni ka m'chipatala kaja, ndipo pofika zaka 10 akumva bwinobwino, makolo ake adzathokoza dokotala, dokotala adzalemba kuti kabaluni kagwira ntchito. Ngati panalibe mwana mnzake wofanana naye amene analowa m'chipinda chomwecho koma osapopedwa, adzatiuza ndani kuti chamuchiza ndi kabaluni kapena ndi kukula?